Nkhawa ya mayi sikwera pa sikelo: kuunika zida zoyezera kakulidwe ka ana ndi maso a ku Michesi

Tsiku la sikelo m'midzi ya m'munsi mwa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, ntchito imayenda m'dongosolo lake lodziwika. Mwana amakolekedwa pa sikelo, mlangizi wa zaumoyo amawerenga kulemera kwake n'kuika kadontho pa mzere wa m'buku, amayeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu, amaona ngati pali katemera wotsala, kenako amaitana wotsatira. Chilichonse chimene chayezedwa chimalembedwa. Chimene sichilembedwa ndi mawu amene mayi amaponya akubereka mwana wake, mwendo umodzi uli kale panjira: "Koma mwanayu sakulankhulatu," kapena "Ndikamuitana satembenuka." Yankho limene amalandira kawirikawiri ndi lomwe anamva kale kunyumba kuchokera kwa agogo a mwanayo: adzalankhula, ana aamuna amachedwa, ngakhale malume ake anachedwa chomwecho, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali zida ziwiri zimene zimatchulidwa kwambiri pokamba za kuyeza kakulidwe ka ana aang'ono. China chinapangidwa m'Malawi momwe muno ndipo chimadziwika ndi dzina lachidule lakuti MDAT. China chinachokera ku America, dzina lake M-CHAT, ndipo ntchito yake ndi kuloza ana amene akuyenera kukaunikidwa ngati ali ndi vuto la autism. Zonse ziwiri zili ndi kafukufuku wolimba kumbuyo kwake. Koma muyeso woyenera kuziyezera ndi mayi uja: pakati pa tsiku limene mtima wake unayamba kukayika ndi tsiku limene katswiri adzamuone mwana, zidazi zikumuthandiza chiyani? Zikayezedwa motere, zimapezeka kuti zikuyankha funso lakutsogolo pamene funso loyambirira silinayankhidwe.

Autism ndi chiyani, ndipo makolo amayamba liti kuiona

Vuto la autism si misala, silipatsirana, ndipo silibwera chifukwa cha kaleredwe ka mayi. Ndi kusiyana kwa momwe ubongo wa mwana umakulira, ndipo kumaonekera mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi kulumikizana ndi anthu: mwana sayang'ana kumene wina waloza, saloza chinthu pofuna kuti mnzake achione naye, sabweretsa kanthu kuti aonetse amayi ake, sachita chidwi ndi ana anzake, amachedwa kulankhula kapena amangobwereza mawu amene wamva. Mbali yachiwiri ndi kukakamira zinthu zomwezomwezo: kugwedeza manja kapena thupi mobwerezabwereza, kundandalika timiyala kapena zitsekero za mabotolo nthawi yaitali, kukana zakudya zina zonse n'kumafuna chimodzi, kulira kosatonthozeka zinthu zikasintha pang'ono. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu kumene kumasonyeza vutoli. Katswiri amalizindikira pomvetsera mbiri ya mwana kuchokera kwa omulera komanso pomuonerera akusewera. Izi zokha zikusonyeza kale kuti mawu a mayi ndi theka la kuyezako.

Dokotala Leo Kanner ndi amene analongosola vutoli mu 1943, atalemba za ana 11 amene anawaona ku Baltimore. Kwa zaka zingapo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linkagwiritsa ntchito chiwerengero chakuti pafupifupi mwana mmodzi mwa 100 aliwonse ali nalo. Chiwerengerochi chimachokera kwambiri ku maiko olemera. Mu 2017 Lauren Franz, Petrus de Vries ndi anzawo atasonkhanitsa zonse zimene zinalembedwa za autism kumwera kwa chipululu cha Sahara, anapeza zolemba 53 zokha, zambiri za ku South Africa ndi Nigeria, ndipo panalibe ngakhale chimodzi chimene chinawerenga ana a dera lathunthu. Kuchepa kwa zolembaku sikutanthauza kuti ana otere kulibe ku Phalombe. Kukutanthauza kuti amatchedwa maina ena: wosalankhula, wosamva, wamwano, wozerezeka, wolodzedwa.

Pa nkhani ya nthawi, kafukufuku wa Andrea De Giacomo ndi Eric Fombonne wa mu 1998 akadali wothandiza ngakhale ndi wakale komanso wa ku Britain. Iwo anafunsa makolo a ana 82 ndipo anapeza kuti nkhawa yoyamba inkabwera mwana ali ndi miyezi pafupifupi 19, makamaka chifukwa cha kuchedwa kulankhula, ndipo makolo ankafika kwa achipatala mwana ali ndi miyezi pafupifupi 24. Miyezi imeneyi iikidwe pambali pa ndondomeko ya katemera ya kuno. Katemera wachiwiri wa chikuku amaperekedwa kuyambira miyezi 15. Phalombe ndi limodzi mwa maboma 11 amene anayamba kulandira katemera wa malungo mu 2019, ndipo jakisoni wake wachinayi amabwera pa miyezi 22. Ndiye kuti pa nthawi yeniyeni imene mayi akuyamba kuda nkhawa, ndondomeko ya boma imamuitana kawiri kuti aonane ndi wazaumoyo maso ndi maso. Mpata ulipo kale. Chimene chikusowa ndi funso, ndi malo olembapo yankho lake.

Kugwirizana kwa nthawiku kuli ndi choopsa chakenso. Mayi amene mwana wake anasiya kutchula timawu tiwiri tomwe ankatchula, patangopita milungu yochepa atabayidwa katemera, sangalephere kulumikiza ziwirizi. Bodza lakuti katemera wa chikuku amayambitsa autism linafalitsidwa ndi nkhani ya Andrew Wakefield imene inatuluka mu magazini ya The Lancet mu 1998. Magaziniyo inaichotsa nkhaniyo mu 2010, ndipo kafukufuku wa ana mazana a zikwi m'maiko osiyanasiyana sanapeze kugwirizana kulikonse. Wazaumoyo amene sanamvetsere nkhawa ya mayi pa sikelo wasiyira mpata wina aliyense amene angamumvetsere, kuphatikizapo wofalitsa bodzali pa WhatsApp.

MDAT: chida chabwino chimene chinafunsa makolo kamodzi

MDAT ndi imodzi mwa ntchito zimene kafukufuku wa zaumoyo m'Malawi anganyadire nazo. Melissa Gladstone ndi anzake, ena mwa iwo a ku sukulu ya madokotala ya ku Blantyre imene lero ili pansi pa yunivesite ya KUHeS, anaisindikiza mu PLoS Medicine mu 2010. Iwo anayamba ndi kuyesa zida zakunja pa ana akumudzi ndipo anapeza kuti mafunso okhudza kuyenda ndi kugwira zinthu ankagwira ntchito ndithu, koma mafunso okhudza kakhalidwe ka mwana pakati pa anthu ndiwo ankapunduka. M'malo mongowamasulira bwino, anapita kumidzi kukafunsa amayi, abambo, agogo ndi azaumoyo kuti mwana wokula bwino amadziwika ndi chiyani. Mayankho anali akuti amatumika, amathandiza ntchito zapakhomo, amadziwa ulemu, amasewera ndi anzake. Zimenezi zikufanana ndi zomwe Robert Serpell anapeza pakati pa Achewa a ku Katete ku Zambia, zomwe analemba m'buku lake la mu 1993, kuti nzeru za mwana sizionedwa pa kuchenjera kokha koma pa kumva ndi kutumikika.

Chida chimene chinatuluka pamenepo chili ndi zoyeza 136, zogawidwa m'magulu anayi a zoyeza 34: kuyendetsa thupi lonse, kugwiritsa ntchito manja ndi zala, chilankhulo, ndi kakhalidwe pakati pa anthu. Chinayesedwa pa ana athanzi 1,426 a m'midzi ya chigawo chakumwera, kuyambira obadwa kumene mpaka a zaka 6, kotero kuti mwana wa ku Michesi akuyerekezedwa ndi ana odya nsima yomweyo, osati a ku Denver. Zipangizo zake n'zopezeka mosavuta, ndipo maiko ena ambiri anachitenga n'kuchisintha kuti chigwirizane ndi kwao. Zonsezi n'zoyenera kuyamikiridwa popanda kuchotserapo.

Pali zinthu zitatu zimene wowerenga ayenera kuzisamala.

Choyamba ndi chiwerengero chimene chimatchulidwa kwambiri, chakuti MDAT inazindikira ana 97 mwa 100 aliwonse amene anali ndi ulumali wa mu ubongo. Chiwerengerochi n'choona, koma chinachokera pa ana 80 amene ankadziwika kale kuti ali ndi ulumali wotero. Kuzindikira mwana amene aliyense m'mudzi akumuona kale kuti sakhala tsonga kapena sayenda ndi ntchito yosiyana ndi kuzindikira mwana wa miyezi 20 amene amathamanga, amakwera pa mtondo, amadya yekha, koma sanalozepo ndege kapena mbuzi kuti amayi ake aione. Mwana wachiwiriyu ndiye amene amasowetsa mtendere mayi pamene anthu onse akumuuza kuti ali bwinobwino, ndipo 97 uja sakunena za iye.

Chachiwiri chili m'gulu la kakhalidwe. M'gululi muli zinthu za kudzisamalira, monga kudya, kuvala ndi kupita kuchimbudzi, pamodzi ndi zinthu za kulumikizana ndi anthu. Poyeza kakulidwe konse, kusakaniza kotere kulibe vuto. Koma kwa amene akufunafuna autism, kusiyana kwa ziwirizi ndiye nkhani yonse. Mwana akhoza kumwa yekha m'kapu koma osamwetulira pomubwezera amene wamumwetulira. Olemba MDAT sananene kuti chida chawo n'choyezera autism, ndipo cholakwa si chawo ngati wina wachigwiritsa ntchito motero. Chenjezo likupita kwa amene angaone mwana wakhoza zambiri n'kutseka nkhani.

Chachitatu ndi nthawi. Kuyeza mwana mmodzi kumatenga mphindi pafupifupi 30, ndipo kumafuna munthu wophunzitsidwa ndi malo abata. Pa sikelo ya pansi pa mtengo pamene pabwera ana 40, masamu ake ndi maola 20. N'chifukwa chake MDAT yakhala yothandiza kwambiri kwa ofufuza, amene amaigwiritsa ntchito poona ngati chakudya chowonjezera kapena mankhwala ena athandiza ana kukula bwino, kuposa momwe yathandizira mlangizi wa zaumoyo wa kumudzi. Ndipo apa pali chodabwitsa: chida chimene chinabadwa pofunsa makolo chinawafunsa kamodzi, pochipanga. Pochigwiritsa ntchito, mayi amafunsidwa ngati mwana amachita chakuti kapena chakuti, mndandanda wokonzedwa kale. Zimene iye waona yekha usiku ndi usana, zomwe mwina sizili pa mndandandawo, zimadalira mtima wa woyezayo.

M-CHAT: yachangu, koma yovala zakwao

M-CHAT ilibe vuto la nthawi. Diana Robins, Deborah Fein ndi Marianne Barton anaitulutsa koyamba mu 2001, ndipo yokonzedwanso imene ikugwiritsidwa ntchito tsopano ili ndi mafunso 20 oyankha kuti inde kapena ayi, a ana a miyezi 16 mpaka 30. Mwana akapeza zizindikiro 3 mpaka 7, pamafunika kucheza kwachiwiri kozama ndi kholo. Akapeza 8 kapena kuposerapo, amatumizidwa kwa akatswiri mosachedwa. Ndi yaulere, ndi yaifupi, ndipo n'zosadabwitsa kuti imakopa aliyense wofuna kuyambitsa ntchito yoyeza ana m'maboma.

Mafunso ake ena ndi abwino kwambiri ndipo safuna kusinthidwa kulikonse: kodi mwana amayang'ana kumene mwaloza, kodi amatembenuka mukamuitana dzina, kodi munayamba mwaganizapo kuti samva. Koma zitsanzo zomwe zimatsagana ndi mafunso ena ndi za nyumba ina. Pofunsa ngati phokoso limamusautsa mwana, chitsanzo ndi makina opopera fumbi m'nyumba. Pofunsa za kukwera, zitsanzo ndi masitepe ndi zokwerapo za pabwalo lamasewera. Pofunsa za masewera oyerekeza, chitsanzo china ndi kudyetsa chidole chaubweya. Wina anganene kuti zimenezi n'zosavuta kukonza, ndipo n'zoona: phokoso la chigayo, la njinga yamoto ya kabaza kapena la zimkuzamawu za pamsika lingalowe m'malo mwa makinawo, ndipo masanje ndi masewera oyerekeza kuposa onse. Mwana wa zaka ziwiri amene amatakasa dothi m'chitini kuti akuphika, kapena amabereka chitsononkho kumbuyo, wayankha funsolo. Koma kusintha chitsanzo kumasintha mayankho, ndipo malire a 3 ndi 8 aja anaikidwa pa mayankho a makolo a ku America. Chida chomasuliridwa chimafunika kuyesedwanso pa ana akuno asanachikhulupirire.

Funso la kuyang'ana m'maso likufuna kusamala kwapadera. Mwana woleredwa bwino kuno sathyolera maso munthu wamkulu, ndipo mwana wa zaka zinayi amene wazolika pamaso pa mlendo wovala yunifolomu akungosonyeza ulemu kapena manyazi. Mlangizi amene angalembe zimenezo ngati chizindikiro walakwitsa. Koma kulakwitsa kwa mbali inayo n'koopsanso: kuphimba zonse ndi mawu akuti ndi chikhalidwe chathu. Mwana wa chaka chimodzi ndi theka sanayambe kuphunzira ulemu wotero, ndipo palibe mwambo umene umamuletsa kuyang'ana amayi ake poyamwa kapena poseweretsedwa. Funso loyenera si lakuti amayang'ana mlendo, koma lakuti amayang'ana amene amamulera.

Palinso nkhani ya amene akuyankha. M'mabanja ambiri a ku Phalombe, komwe chikamwini chili champhamvu, mwana amakulira pa bwalo la kuchikazi, ndipo nthawi ya dzinja kapena yokolola nandolo amatha tsiku lonse ali ndi agogo ake kapena mlongo wake wa zaka khumi. Amene angadziwe ngati mwana amaloza kapena amaseweretsa anzake mwina si amene wabwera naye ku sikelo. Agogo ena amamasuka kufotokoza m'Chilomwe. Mafunso a inde kapena ayi, ofunsidwa mofulumira pamaso pa amayi ena onse, amakonda kubala inde, chifukwa palibe mayi amene amafuna kuti mwana wake aoneke wotsalira pagulu.

Ngakhale kwao komwe, chidachi sichinachite zodabwitsa. Mu 2019 Whitney Guthrie ndi anzake anasindikiza mu Pediatrics zotsatira za ana pafupifupi 26,000 amene anayezedwa m'zipatala za ana za ku Philadelphia n'kutsatiridwa kwa zaka. Mwa ana 100 aliwonse amene pambuyo pake anapezeka ndi autism, chidachi chinaloza pafupifupi 39 okha. Mwa ana 100 amene chinawaloza, pafupifupi 15 okha ndiwo anapezeka nayo, ngakhale ambiri mwa otsalawo anali ndi mavuto ena a kakulidwe. Tanthauzo lake kwa wazaumoyo ndi lolunjika: mwana akakhoza M-CHAT koma mayi akadali ndi nkhawa, nkhawayo ndiyo ipambane.

Zina zimene zimavala nkhope yomweyo

Chifukwa china chimene chida cholunjika pa autism yokha sichikwanira ku Phalombe n'chakuti mwana wosalankhula kuno ali ndi zifukwa zambiri zomuchititsa kutero, ndipo zina zimachizika. Choyamba kuchiganizira nthawi zonse ndi makutu. Mafinya otuluka m'khutu kwa miyezi, amene makolo ambiri amawazolowera, amachepetsa kumva, ndipo mwana wosamva bwino satembenuka poitanidwa komanso amachedwa kulankhula. Kusiyana kwake n'kwakuti mwana wosamva amalimbikira kulumikizana ndi anthu m'njira zina: amayang'anitsitsa nkhope, amaloza, amakoka dzanja n'kumuyang'ana munthu kuti aone ngati wamvetsa.

Chachiwiri ndi malungo a mu ubongo, amene m'dera lotsikira ku nyanja ya Chilwa si achilendo. Gretchen Birbeck, Terrie Taylor, Malcolm Molyneux ndi anzawo anatsatira ana amene anachira matendawa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mu 2010 analemba mu The Lancet Neurology kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anatsala ndi khunyu kapena mavuto ena a ubongo ndi khalidwe. Mayi akanena kuti mwana ankalankhula kenako anasiya, funso lotsatira likhale lakuti kodi anadwalapo mpaka kukomoka kapena kugwa khunyu. Kubanika pobadwa ndi chikasu champhamvu cha masiku oyambirira zifunsidwenso. Kupinimbira, kumene kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza mwa ana 37 pa 100 aliwonse osafika zaka zisanu, kumachedwetsa kakulidwe ka ubongo limodzi ndi ka thupi.

Ndipo Michesi ili ndi mbiri yake. Akuluakulu amakumbukira napolo wa mu Malichi 1991, ndipo achinyamata anaona okha zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023. Mwana wamng'ono amene anaona nyumba ikukokoloka, kapena anakhala milungu pa msasa ndi mayi wosweka mtima, akhoza kukhala chete, kuopa phokoso la mvula, ndi kusiya zimene anali atayamba kuchita. M-CHAT singasiyanitse zonsezi. MDAT ingasonyeze kuti mwana watsalira, koma osati chifukwa chake. Chimene chimasiyanitsa ndi mbiri: zinayamba liti, chinachitika n'chiyani nthawi imeneyo, mwana anali wotani kale. Mbiriyo ili ndi mayi, ndipo imafufutika ikapanda kulembedwa.

Kalata yotumiza si mapeto

Zida zonse ziwiri zimathera pa mawu amodzi: mutumizeni. Kuchokera kumudzi, njira imadzera pa chipatala chaching'ono, kenako Holy Family kapena chipatala cha boma cha John Chilembwe, ndipo kuti mwana aonedwe ndi madokotala a ana komanso ayezedwe makutu mokwanira, nthawi zambiri ulendo umathera ku Gulupu, ku Blantyre. Zimene zimachitikira kalata zotere zinayezedwa ku Thyolo, boma lomwe msewu wake wopita ku Blantyre ndi wafupi kuposa wa ku Phalombe. Tess Bright, Wakisa Mulwafu ndi anzawo anatsatira ana 150 amene anapezeka ndi vuto la makutu n'kutumizidwa ku Queen Elizabeth. Mu 2017 analemba kuti amene anafikako anali 5. Zifukwa zimene makolo anapereka zinali mtunda, ndalama zoyendera ndi zodyera, kuopa chipatala chachikulu, komanso kusamvetsa bwino kuti atumizidwa kuti, liti, ndipo kukachitika chiyani.

Pa kafukufuku yense amene watchulidwa m'nkhani ino, ameneyu ndiye ayenera kuwerengedwa koyamba ndi aliyense wofuna kuyambitsa ntchito yoyeza ana ambiri nthawi imodzi. Vuto la makutu ndi lomveka, lili ndi dzina m'Chichewa, ndipo lili ndi chithandizo chooneka. Ngati kalata yake inafikitsa ana 5 mwa 150, kalata ya vuto lopanda dzina lakuno, lopanda jakisoni kapena opaleshoni, singayembekezeke kuchita bwino koposa.

Ulendo wa ku Blantyre saganiza mayi yekha. Pamafunika mawu a bambo, a agogo, nthawi zina a mwinimbumba, ndipo banja limakhala litayesa kale njira zina: mapemphero, sing'anga, kusintha dzina la mwana. Palinso zonong'ona zimene wazaumoyo samva pa sikelo koma mayi amazimva pa mjigo, zakuti anadumpha mwambo ali woyembekezera, kapena kuti bambo anapereka nzeru za mwana kuti bizinesi iyende. Charles Masulani-Mwale ndi anzake, pofufuza makolo a ana aulumali wa nzeru ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, analemba mu 2018 kuti pafupifupi makolo 4 mwa 10 aliwonse anali ndi kupsinjika maganizo. Mayi amene watulutsa mawu akuti mwana wake sakulankhula wadutsa pa zonsezi kuti awanene. Kumuyankha kuti adzalankhula kumamuphunzitsa kuti asadzanenenso.

Pamene kafukufuku wina akuloza njira

Pali zida zina zimene zinayambira mbali imene MDAT ndi M-CHAT zinaisiya. Frances Glascoe ku America anasonyeza kuti nkhawa za makolo, zikafunsidwa mwadongosolo, zimaloza ana a mavuto enieni, ndipo anapanga chida cha mafunso 10 chongofunsa nkhawazo. Ilgi Ertem ku Turkey anapanga ndondomeko yotsatira kakulidwe ka mwana imene imayamba ndi kumufunsa womulera ngati pali chimene chikumudetsa nkhawa, kenako n'kumulola afotokoze m'mawu ake momwe mwana amasonyezera zimene akufuna ndi momwe amasewerera. Bungwe la WHO linakonza maphunziro a olera ana ochedwa kukula, amene anayesedwa m'maiko monga Ethiopia ndi Kenya, ndipo mfundo yake yaikulu n'njakuti banja lingayambe kuphunzira ngakhale mwana asanapatsidwe dzina la vuto lake. Amaphunzitsa zinthu zochitika pakhomo: kukhala moyang'anizana ndi mwana pa msinkhu wake, kutsatira chimene iye wachita nacho chidwi, kutchula mawu ochepa omveka, kudikira kuti ayankhe, ndi kugwiritsa ntchito nthawi yosamba ndi yodya ngati nthawi yophunzira. Zimenezi sizivulaza mwana amene adzapezeke kuti analibe vuto, ndipo zimathandiza wosamva, wopinimbira ndi wa autism yemwe.

Kwa mlangizi wa zaumoyo, volontiya wa gulu la amayi kapena mlezi wa pa sukulu ya mkombaphala, zimene zingatengedwe pa zonsezi sizifuna fomu yatsopano. Pa katemera wa miyezi 15 ndi wa miyezi 22, mayi afunsidwe payekha, osati pagulu, ngati pali chimene chikumudetsa nkhawa pa kamvedwe, kalankhulidwe kapena kaseweredwe ka mwana. Akatchula kanthu, kalembedwe m'buku la mwana m'mawu ake omwe, pamodzi ndi tsiku ndi msinkhu wa mwana. M'makutu muyang'anidwe, ndipo mbiri ya kukomoka, khunyu ndi kabadwidwe ifunsidwe. Mwana aitanidwe dzina kuchokera kumbuyo, alozeredwe chinthu chakutali, apatsidwe kachitini ndi kamtengo. Wazaumoyo asatchule dzina la autism ngati chigamulo, pakuti si iye wogamula, koma asanenenso kuti palibe vuto pamene sanayeze.

Mwana amene sanatchule liwu lililonse lomveka pofika miyezi 18, amene saloza, amene salumikiza mawu awiri pofika zaka ziwiri, kapena amene wasiya zimene ankachita kale pa msinkhu uliwonse, atumizidwe popanda kudikira. Potumizapo, phunziro la ku Thyolo ligwire ntchito: banja liuzidwe dzina la chipatala, khomo lolowera, tsiku la kiliniki ndi zimene zikachitike, ndipo ngati n'kotheka bambo kapena agogo akhalepo pomva. Kwa ena onse, tsiku lobweranso lilembedwe pansi pa mawu a mayi aja, pasanathe miyezi itatu, kuti amene adzatsegule bukulo ulendo wotsatira, kaya ndi mlangizi yemweyo kaya ndi namwino wa ku Holy Family, adzayambire pamene mnzake analekezera.